Mphunzitsi adziwe mwana kaye, silabasi ibwere pambuyo

Kuno ku Chipata ndi kumidzi yozungulira kuli lamulo limene silinalembedwe m'buku lililonse koma aliyense amalidziwa: sukulu ikatsegulira mu Januwale, sabata yoyamba saphunzira. Makolo amatero, ana amatero, ndipo aphunzitsi ena sakana. Udzu wa mvula ya Disembala umakhala utafika m'mawindo, choncho ana akuluakulu amalawirira ndi zikwakwa ndi makasu, aang'ono ndi masache. Bambo akayang'ana munda wake wofuna kupalira, feteleza wobereketsa ali m'nyumba kudikira, amauza mwana kuti, "Ukayamba sabata yamawa, pano anzako akungotchetcha." Sabata yamawayo mvula imagwa usiku wonse, mtsinje n'kudzaza, mwana osawoloka. Pomwe kalasi idzakwane mwezi uli kumapeto, ndipo mphunzitsi poona kuti nthawi yamuthera amatsegula buku lake n'kuyamba liwiro.

Zonse ziwirizi n'zolakwika, kutaya masabata oyamba ndiponso kuwasandutsa mpikisano wa silabasi, ndipo wovulala kwambiri ndi mwana wa Giredi 1. Masabata atatu oyambirira ali ndi ntchito yawoyawo imene singachitike mu Juni: mphunzitsi adziwe mwana aliyense payekha, mwana naye adziwe kuti pasukulu pamakhalidwa bwanji. Ntchito imeneyi ikalumphidwa, zimene mphunzitsi adzalemba pabolodi chaka chonse zimafika kwa ana ochepa a kutsogolo okha, enawo n'kumangokopera zimene sakuzimva.

Taganizirani za mwanayo m'mawa wa Lolemba loyamba. Ngati ndi wa ku Kapata kapena ku Mchini, mwina anapitako kunasale ndipo pensulo amaidziwa. Wa kumudzi ku Chadiza, ku Vubwi kapena ku Kasenengwa nthawi zambiri amachokera pabwalo la kwawo molunjika. Chibadwire sanakhalepo m'chipinda chimodzi ndi ana ochuluka chotere. Sanakhalepo pansi ola lathunthu osaimirira. Chitsulo chopachika pamtengo chija chikalira kachiwiri sadziwa kuti atani. Akafuna kukataya madzi sadziwa popemphera, ndipo chimbudzi cha anyamata sakuchidziwa kuti n'chiti. Yunifomu anamugulira yaikulu dala kuti avale zaka zitatu. Mkulu wake amene anamugwira dzanja panjira wamusiya pakhomo n'kuthamangira kukalasi yake. Chimene chili mumtima mwa mwana ameneyu n'chimodzi: kodi pano pali munthu wamkulu amene akundiona? Yankho limene apeze masiku oyambawa ndilo lidzamudzutsa mawa m'mawa, kapena kumuphunzitsa kunamizira mutu, kapena kubisala m'chimanga panjira mpaka anzake aweruke.

Nkhaniyi yakula kuyambira mu Januwale 2022, pomwe boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linathetsa malipiro m'sukulu za boma kuyambira kunasale mpaka kusekondale. Ndondomeko imeneyi ndimaiyamikira ndi mtima wonse, chifukwa ana amene ankatsala pakhomo kaamba ka ndalama ya PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) ndawaona ndi maso anga akulowa m'kalasi. Boma limati ana oposa 2 miliyoni anawonjezereka m'sukulu za dziko lino. Chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi 30,496, ndipo thumba la ndalama za chitukuko cha madera (CDF) linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndalama zina n'kupita kumadesiki ndi zipinda zophunziriramo. Koma ana anafika msanga kuposa njerwa. Kalasi ya ana 80 si yachilendo masiku ano, ndipo m'kalasi yotere mwana wachete amatha kumaliza temu yonse dzina lake likungomveka pa kaundula pokha.

Poyambira ndi dzinalo, ndipo si ntchito yapafupi monga imamvekera. Mphunzitsi akangoti "Banda!" mitu ingapo imadzuka nthawi imodzi, akati "Phiri!" chimodzimodzi, asanafike kwa a Tembo, a Zulu, a Mwale ndi a Mbewe. Komanso ana ambiri amalembetsedwa ndi dzina la pakadi ya kusikelo kapena la paubatizo limene kunyumba saitanidwa nalo. Agogo ake anamupatsa lina, ndipo ndilo amavomera. Mphunzitsi amaitana, mwana ali duu, n'kulembedwa kuti sanabwere ali pamaso pomwepo, mwinanso kuyesedwa wamwano. Aphunzitsi aluso amathana nazo izi popanda kugula kanthu. Amadula katoni, kulembapo dzina limene mwana amavomera, n'kumukoleka pakhosi ndi ulusi wa saka. Amaimbitsa nyimbo yoitanirana mayina mozungulira. Amaima pakhomo m'mawa n'kumalonjera aliyense ndi dzina lake akamalowa. Katoni yomweyo imasanduka phunziro loyamba la kuwerenga, chifukwa zilembo zimene mwana amafuna kuzizindikira msanga ndi za m'dzina lake, ndipo posachedwa amayamba kuona kuti chilembo choyamba cha dzina lake chilinso pakhosi pa mnzake.

Dzina likadziwika, chotsatira ndi kukhala ndi mwana aliyense payekha, ngakhale mphindi zisanu zokha. Ndikudziwa kuti aphunzitsi ena powerenga apa akupukusa mitu, choncho tiyeni tiwerengetse. Ana 80, aliyense mphindi zisanu, ndi mphindi 400. Mphunzitsi akamaona ana 8 patsiku, zimamutengera mphindi 40, ndipo m'masiku 10 a sukulu wamaliza kalasi yonse. Enawo akhale akujambula, akuumba ng'ombe zadongo, kapena akuimba ndi mwana wamkulu wobwerekedwa kukalasi yapamwamba. M'mphindi zisanuzo mphunzitsi aone zinthu zochepa chabe. Pensulo amagwira ndi dzanja liti? Miyala amawerenga mpaka ingati? Akamuuza kanthano kakafupi amatha kukabwereza? Kunyumba amayankhula chiyankhulo chanji, ndipo amakhala ndi ndani? Akaima kumbuyo kwa kalasi, chithunzi cha pabolodi akuchiona? Akamunong'oneza chakumbuyo amatembenuka? Zonsezi zilembedwe papepala limodzi, mwana mmodzi mzere umodzi.

Mafunso awiri omalizawo ndi amene ndimawaikira mtima kwambiri. Ana otuluka mafinya m'khutu tonse timawadziwa m'midzi mwathu, ndipo ena khutu limagontha pang'ono popanda wozindikira, chifukwa pakhomo amayankhulidwa pafupi ndiponso mokweza. Mwana wotere akakhala kumbuyo, mvula ikuwomba pamalata, samva chilichonse. Wosaona bwino naye amakopera za mnzake wa pambali, zolakwika ndi zolondola zomwe. Pofika temu yachiwiri onsewa amakhala atatchedwa kale mbuli, ndipo dzina loterolo mwana amalikhulupirira kuposa la pakatoni. Chikhalirecho mankhwala ake anali kumukhazika kutsogolo ndi kumulembera kakalata kopita nako kukiliniki. Wamanzere nayenso amangofunika kumuika kumapeto kwa desiki kumene chigongono chake sichigundana ndi cha mnzake, osati kumumenya dzanja kuti asinthe.

Palinso nkhani ya msinkhu. Kale ankayesa mwana pomuuza kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Lero pali kadi ya kusikelo, komabe Giredi 1 ya kumudzi imakhala yosakanikirana. Muli kamtsikana kamene kangotsatira mkulu wake, mulinso mnyamata wa zaka 11 kapena 12 amene wathera zaka kubusa. Cha ku Katete, Sinda ndi Petauke, mchitidwe uja wopereka mnyamata kukaweta ng'ombe za munthu wina zaka zingapo kuti pamapeto apatsidwe yake sunatheretu. Mnyamata wotere akabwera kusukulu amabwera ndi manyazi aakulu. Mawondo sakwana padesiki, ndipo a msinkhu wake ali Giredi 5 akumusuzumira pawindo. Sabata ikangodutsa popanda womuyankhula ngati munthu, amabwerera kung'ombe kumene amalemekezedwa. Chonsecho masamu ali nawo kale m'mutu: akayang'ana gulu la ng'ombe amadziwa kuti yasowa imodzi, n'kutchula ndi mtundu wake womwe. Mphunzitsi wanzeru amamupatsa udindo tsiku lachiwiri lomwe, kuwerenga mabuku akamabwezedwa, kusunga choko, kuperekeza aang'ono powoloka pamtsinje. Koma kuti atero ayenera kuyamba wamufunsa kumene anali zaka zonsezi, ndipo funso limenelo silifunsika mphunzitsi akakhala pabolodi kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza.

Mlimi aliyense wa kuno amadziwa kuti chimanga chikamera amayendera mizere kuona mapando osamera, n'kupakiza masiku omwewo. Akachedwa, chopakizacho chimakulira pamthunzi wa chinzake ndipo sichibereka kwenikweni. M'kalasi zili chimodzimodzi, ndipo umboni sitiufuna kutali. Pulogalamu ya Catch Up, imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba kuiyesa mu 2016 m'sukulu 80 za m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, inatengera njira ya bungwe la Pratham la ku India. Mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzimmodzi, kumupatsa pepala lokhala ndi zilembo, mawu, ndime ndi kankhani, n'kuona pamene wathera. Kenako ana amagawidwa m'magulu potengera pamene afika, osati giredi imene ali. Pulogalamuyi ndi ya ana a Giredi 3 mpaka 5, ndipo pambuyo pake inafalikira m'sukulu zambiri za chigawo cha Kum'mawa. Ndiye kuti luso loyesa mwana payekha m'mphindi zochepa lili kale m'manja mwa aphunzitsi athu ambiri. Chimene chimandiwawa n'chakuti timadikira mwana afike Giredi 3 asakudziwa kuwerenga, ndiye pomwe timakhala naye pansi koyamba. Catch Up ndi yabwino, koma imatola amene atsala kale. Kafukufuku wa PISA for Development, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti mwa ophunzira a zaka 15 m'Zambia, pafupifupi 5 okha mwa 100 aliwonse ndi amene anafika pamlingo wochepetsetsa wa kuwerenga momvetsa. Ine sindikhulupirira kuti ana amenewo anasochera ali aakulu. Ambiri anatsalira m'makalasi oyambirira, n'kumangokwezedwa chaka ndi chaka.

Za chiyankhulo ndiyenera kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene masabata oyamba amaonongekera mosaonekera. Kuyambira mu 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 ankaphunzira m'chiyankhulo cha dera lawo, kuno kwathu Chinyanja, chimodzi mwa ziyankhulo 7 zimene boma linasankha. Silabasi yatsopano, imene inayamba mu 2025 kunasale, ku Giredi 1 ndi ku Fomu 1, inabwezeretsa Chingerezi kukhala chophunzitsira, n'kusiya mpata woti ziyankhulo zathu zizithandiza pofotokozera. Makolo ambiri anakondwera, ndipo ndikuwamvetsa, popeza mayeso, makalata a ntchito ndi mafomu a boma zonse zili m'Chingerezi. Mtsutso umenewo ndi wa tsiku lina. Pempho langa ndi laling'ono: m'masabata oyamba mphunzitsi augwiritse ntchito mpata wonsewo mopanda mantha. Malamulo a m'kalasi, kupempha kupita kuseri, kunena kuti m'mimba mukupota, kutonthoza wolira, zonsezi zichitike m'chiyankhulo chimene mwana amadandaulira nacho kwa amake. Mwana amene wadzinyowetsa chifukwa sanadziwe mawu a Chingerezi opemphera kutuluka, anzake n'kumuseka, amataya zambiri kuposa phunziro la tsikulo. Chingerezi chilowe ndi nyimbo, malonje ndi mayina a zinthu za m'kalasi, pang'onopang'ono, mwana atakhazikika mtima.

Tisaiwalenso kuti chigawo chathu sichiyankhula chimodzi. Ku Petauke ndi ku Nyimba kuli Chinsenga, ku Lundazi ndi ku Chasefu Chitumbuka, ku Mambwe Chikunda, ndipo ngakhale Angoni a kwa Mpezeni mayankhulidwe awo apakhomo amapendekera ku Chinsenga. Mwana wa ku Chasefu amakumana ndi ziyankhulo ziwiri zachilendo tsiku limodzi, Chinyanja ndi Chingerezi. Ndiye onjezerani mphunzitsi amene watumizidwa kuno kuchokera ku Mongu kapena ku Kasama, amene sanayambe kumva bwino chiyankhulo chilichonse cha kuno. Iye alibe mlandu, wabwera kudzatumikira ndipo tiyenera kumulandira. Mlandu uli kwa amene amamupatsa Giredi 1 chaka chake choyamba.

Apa ndikuyankhula ndi inu ahedi. Ambiri mwa inu mumaika aphunzitsi odalirika kumakalasi a mayeso, chifukwa zotsatira za mayeso a bungwe la Examinations Council of Zambia ndi zimene zimawerengedwa pamsonkhano wa makolo ndi zimene mumafunsidwa kuofesi. Giredi 1 imagwera wongofika kumene kuchokera kukoleji, kapena aliyense amene watsala magawo atatha. Chipinda chodontha chimapita kwa aang'ono. Madesiki atsopano akabwera amayambira kwa aakulu, aang'ono n'kumalembera pamawondo atakhala pamasaka, pomwe ndi iwo amene dzanja likungoyamba kuphunzira kulemba. Sukulu ikakhala ya magulu awiri, lam'mawa ndi lamasana, nthawi zina aang'ono omwewa ndi amene amapatsidwa masana, dzuwa litawatopetsa ndiponso mvula yamadzulo ikuwapeza panjira. Ndikupempha kuti mutembenuze zimenezi. Mphunzitsi amene mumamudalira kwambiri, woleza mtima, wodziwa chiyankhulo cha mudziwo, mumuike ku Giredi 1 ndipo akhale nawo anawo chaka chonse osasinthidwa pakati. M'masabata atatu oyamba mumupatse womuthandiza, ngakhale mutakhala inu nomwe ola limodzi patsiku. Mphunzitsi wa kalasi ya mayeso sangakonze m'chaka chimodzi mwana amene wafika kwa iye asakutha kuwerenga funso, ndipo mukudziwa kuti amadandaula zimenezi chaka chilichonse.

Chotsutsa chachikulu ndi nthawi, ndipo sindikuchipeputsa. Temu yoyamba imadyedwa ndi mvula, malungo ndi zina zogwa mwadzidzidzi. Mu 2024 sukulu zimayenera kutsegulira pa 8 Januwale, koma kolera inachititsa kuti zitsegulire pa 12 Febuluwale. Masabata asanu anapita mwana asanakhale padesiki. Mphunzitsi amene ali ndi masikimu (ndondomeko za zophunzitsa) ofuna kusainidwa akamva ine ndikunena za masabata atatu "odziwana," ali ndi ufulu wondifunsa kuti nanga silabasi adzaimaliza liti.

Yankho langa lili pawiri. Choyamba, masabata amenewa si opuma. Kumvetsera nthano n'kuibwereza, kuponyerana ndagi, kuwomba m'manja potchula maphatikizo a dzina lako, kuwerenga zitsekerero za mabotolo, kujambula mizere ndi zozungulira pamchenga dzanja lisanagwire pensulo, kudziwa kuti buku limatsegulidwa kuchokera kuti ndipo maso amayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, zonsezi ndi phunziro, ndipo ndi zimene kuwerenga kumakhalira pamwamba pake. Mwana wa kunasale anazichita kale. Wa kumudzi akazilumpha amakalipira kutsogolo. Chachiwiri, nthawi imene yalowa pozoloweza ana machitidwe a m'kalasi imabwerera yochuluka. Ana a Giredi 1 amakhala m'kalasi maola ochepa patsiku. Ngati kulowa, kukhala pansi, kugawa mabuku ndi kusongola mapensulo kumadya mphindi 20 tsiku lililonse chifukwa palibe anawaphunzitsa kachitidwe kake, pasabata ndi mphindi 100 zotayika, ndipo zidzatayika choncho mpaka Disembala. Mphunzitsi amene wathera masiku angapo kuyeserera ndi ana kuti amalowa bwanji, wogawa mabuku pamzere uliwonse ndani, akawomba m'manja kawiri aliyense amatani, pofika Malichi amakhala atamupitirira mnzake amene anayamba ndi liwiro. Ndipo silabasi yomalizidwa m'buku la mphunzitsi, theka la kalasi lisakutha kulumikiza b ndi a, sindikuona kuti yamalizidwira ndani.

Ena amati sabata yoyamba mphunzitsi aziopseza, aonetse mkwapulo kuti ana amudziwe. Lamulo la Maphunziro la 2011 limaletsa kumenya ana kusukulu, koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, mkwapulo wa sabata yoyamba umagwera olakwika. Umagwera amene sanamve chifukwa cha khutu, amene sanamvetse chifukwa cha chiyankhulo, amene wachedwa chifukwa amadikira madzi atsike, ndi amene akusinza chifukwa cha njala. Kalasi imakhaladi chete, koma ndi chete wa ana amene aphunzira kuti kukweza dzanja n'kudziputira tsoka. Mwana wosayesa kuyankha saphunzira kuwerenga, popeza kuwerenga kumayamba ndi kulakwitsa mokweza mawu.

Njala ndaitchula, ndipo siyofunika kuibisa. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, dowe ndi maungu zisanafike. Chaka cha chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinationetsa kuti mwana wanjala amasiya sukulu mosavuta bwanji. Kumene kuli phala la kusukulu, kaya la boma kaya la Mary's Meals imene yakhala ikudyetsa ana m'chigawo chino kuyambira mu 2014, komiti ya amayi ophika, nkhuni ndi madzi zikhale zokonzeka sukulu isanatsegulire, kuti moto uyake tsiku loyamba lomwe, osati sabata yachitatu. Kumene kulibe phala mphunzitsi sangadyetse kalasi ndi malipiro ake, koma akadziwa kuti uyu amakhala ndi agogo okhaokha ndipo amabwera osadya, amaika phunziro lovuta kum'mawa mphamvu zisanathe, ndipo dzina la mwanayo amalifikitsa kwa ahedi ndi ku PTA lisanasowe pa kaundula.

Makolo nafenso tili ndi gawo, ndipo si lovuta. Udzu wa pasukulu si wa ana. Anyakwawa ndi a PTA akamemeza anthu tsiku limodzi sukulu isanatsegulire, monga timamemezerana pokonza msewu kapena kumanda, bwalo ndi njira za kuzimbudzi zitha kuyera ana asanafike, ndipo chifukwa chija chosungira mwana kumunda chimatha chokha. Mwana wa Giredi 1 aperekezedwe tsiku loyamba ndi munthu wamkulu wa pakhomo, osati mkulu wake wa Giredi 4. Amake, atate ake kapena agogo ake aime ndi aphunzitsi mphindi ziwiri n'kunena zimene kadi silemba: "Aphunzitsi, uyu kunyumba timamuitana mwakuti. Khutu la kumanzere linamuvutapo. Akachita mantha sayankhula, koma nzeru ali nazo." Mawu ochepa amenewo amapulumutsa mphunzitsi ku mwezi wathunthu wongopenekera. Kupalira n'kofunika, palibe angatsutse, koma khasu la mwana wa msinkhu umenewu silisintha zokolola, pamene masiku amene waphonya ndi omwewo anzake akuphunzira malo awo, nyimbo zawo ndi machitidwe a kalasi. Wobwera sabata yachitatu amalowa ngati mlendo m'kalasi yakeyake, ndipo mphunzitsi alibenso mpata womuyambira payekha.

Zonsezi zidzavutabe ngati oyendera sukulu ochokera ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lililonse, azingofunsa zomwe akhala akufunsa. Mphunzitsi amakonzekera chimene adzafunsidwe. Akadziwa kuti mlendo akabwera adzatsegula masikimu ndi kuona ngati tsamba la sabata yachitatu laphunzitsidwa, adzathamangira tsambalo, ana atsale asatsale. Ndikupempha kuti ulendo woyamba wa chaka ku Giredi 1 ukhale ndi mafunso ena. Woyendera aloze mwana wa kumbuyo pakona n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, uyu dzina lake ndani, ndipo miyala amawerenga mpaka ingati?" Apemphe pepala lija la mzere umodzi mwana mmodzi. Afunse kuti ndi angati atumizidwa kukiliniki chifukwa cha maso ndi makutu, ndi angati analembetsa koma sanaonekebe, ndipo ndani wapita kwawo kukawafunsa. Pepala limenelo lisathere mu Januwale. Mphunzitsi alibwererenso kumapeto kwa temu iliyonse, awonjezere zimene zasintha, ndipo mu Disembala alipereke m'manja mwa amene adzalandire anawo ku Giredi 2.